Nyenyezi imodzi, zithunzi zinayi: mafunso ndi mayankho okhudza kupindika kwa kuwala kumwamba

Ndimaphunzitsa fizikisi ndi masamu kuno ku Chipata, ndipo Lachitatu lililonse masana ndimakhala ndi ana a kalabu ya sayansi. Teremu yatha ndinawaonetsa pa laputopu chithunzi cha timadontho tinayi towala, tozungulira kadontho kachisanu ngati mtanda. Nditawauza kuti tinayito ndi chinthu chimodzi, m'kalasi munati zii, kenaka manja onse m'mwamba. Mafunso sanathere tsiku lomwelo. Ena anabwera papepala, ena anawatumiza makolo, lina ndinafunsidwa ndikugula tomato ku Kapata. Ndawasonkhanitsa pano. Asayansi nkhani imeneyi amaitchula kuti gravitational lensing, kutanthauza kuti mphamvu yokoka ya chinthu cholemera ikugwira ntchito ngati lenzi.

Aphunzitsi, inu nomwe munatiphunzitsa kuti kuwala kumayenda mowongoka. Ndiye kukupindika bwanji?

M'kalasi, pabwalo, ngakhale kuchoka pa phiri la Kanjala kufika m'tauni, kuwala kumayendadi mowongoka moti simungaone kusiyana. Koma mu 1915 Albert Einstein anaonetsa kuti chinthu cholemera chimakhotetsa danga lochizungulira, ndipo kuwala kukamadutsa m'danga lokhotalo kumatsata mmene lakhotera. Ganizirani njinga imene mwagwira chiwongolero osachitembenuza n'komwe, koma msewu wapendekera mbali imodzi. Njingayo idzapatuka yokha. Dziko lathuli n'lopepuka kwambiri moti kupatukako n'kosaoneka. Dzuwa limakhotetsa pang'ono. Mlalang'amba, womwe ndi mudzi wa nyenyezi mabiliyoni ambirimbiri, umakhotetsa mokwanira kuti chinthu chili kuseri kwake chioneke kawiri kapena kanayi.

Anatsimikiza bwanji kuti n'zoona?

Anadikira kadamsana. Nyenyezi imene kuwala kwake kukudutsa m'mphepete mwa dzuwa iyenera kuoneka itasuntha pang'ono pamalo ake, koma masana nyenyezi sizioneka. Pa 29 May 1919 mwezi unaphimba dzuwa lonse, ndipo magulu awiri a asayansi a ku Britain anali atakonzeka ndi makamera. Gulu lina linali ku Sobral m'dziko la Brazil, lina, la Arthur Eddington, linali pa chilumba cha Príncipe kumadzulo kwa Africa kuno. Masamu a Einstein ankati nyenyezi ya m'mphepete mwenimweni isuntha ndi ma arcsecond 1.75. Masamu akale, otsatira Isaac Newton, ankapereka theka la zimenezo. Zotsatira zinalengezedwa ku London mu November chaka chomwecho, ndipo zinakomera Einstein.

Akuluakulu amene munalipo pa 21 June 2001 mukukumbukira. Ku Lusaka kunada bii masanasana, kuno kwathu dzuwa linangotsala kachigawo, kuwala kunafooka ngati madzulo ndipo kunazizira. Mdima ngati wa ku Lusaka uja ndi umene Eddington anaupitira ulendo wa panyanja, kwa mphindi zowerengeka chabe, ndiponso mitambo itatsala pang'ono kumuwonongera zonse.

Arcsecond n'chiyani?

Ndi muyeso wa ngodya. Digiri imodzi muigawe magawo 3,600, gawo limodzi ndilo arcsecond. Lichero litaimikidwa ku Katete, inu n'kumaliyang'ana muli ku Chipata, kukula kwake m'maso mwanu kungakhale pafupifupi arcsecond imodzi. Musaiwale lichero limeneli, chifukwa zithunzi zambiri zimene tikukamba pano zimatalikirana ndi arcsecond imodzi kapena awiri basi.

Chinthu chimodzi chingaoneke bwanji malo anayi?

Diso silidziwa kumene kuwala kwadzera. Limangoganiza kuti chinthu chili kumene kuwala kwatulukira pomaliza. Tsono tiyerekeze kuti kutali kwambiri kuli quasar, pakatikati pa mlalang'amba pamene pakuwala koopsa chifukwa mpweya ukugwera m'dzenje lakuda lalikulu, chinthu cholemera kwambiri moti ngakhale kuwala kukagweramo sikutuluka. Pakati pa iyo ndi ife pali mlalang'amba wina. Kuwala kumene kukanatiphonya kudzera kumanja kwakhotetsedwa n'kutipeza. Kumene kukanatiphonya kudzera kumanzere nakonso kwakhotetsedwa n'kutipeza. Njira ziwiri, zithunzi ziwiri. Njira zinayi, zithunzi zinayi. Zitatu zonsezi, quasar, mlalang'amba ndi ife, zikakhala pamzere umodzi ndendende, kuwala kumabwera mbali zonse ndipo timaona mphete. Amaitcha mphete ya Einstein, ndipo yoyamba anaiona Jacqueline Hewitt ndi anzake mu 1988 pogwiritsa ntchito telesikopu ya mafunde a wailesi.

Mungayesere kunyumba. Pezani tambula yagalasi yokhala ndi tsinde, yonga ya vinyo ija. Ine yanga inathyoka kale pakhosi, ndinangosunga phazi lake, ndipo ndi limene ndimapita nalo m'kalasi nditalikulunga m'kansalu. Lembani kadontho kakuda papepala loyera, kokula ngati njere ya nyemba. Gwirani phazi la tambulalo pamwamba pa kadonthoko, tsinzinani diso limodzi, yang'anani motsata tsinde. Kadontho kasanduka mphete. Sunthani pang'ono, mphete iduka n'kukhala timauta tiwiri, kena kakakulu kunja, kena kakang'ono mkati. Tsopano pendeketsani galasilo pang'onopang'ono. Mukaleza mtima mupeza pamene kadontho kagawika panayi. Mnyamata wina wa Giredi 10 atafika pamenepo anachotsa galasi, n'kukhudza pepala ndi chala kuti atsimikize kuti kadontho kakadali kamodzi.

Ndiye kuti mlalang'amba uli ngati galasi lija timayatsira pepala padzuwa?

Ayi, ndipo apa ndiyenera kukonza zimene ndinanena ndekha. Chaka choyamba kuphunzitsa nkhaniyi ndinayerekeza ndi galasi limenelo. Mtsikana wina anafunsa kuti, “Aphunzitsi, nanga bwanji galasi lija silionetsa zinthu ziwiriziwiri?” Ndinasowa chonena, ndipo usiku umenewo ndinabwerera ku mabuku. Galasi loyatsira pepala limapinda kwambiri kuwala kwa m'mphepete, kwa pakati n'kukusiya, choncho konse kumakumana pamalo amodzi. Nyenyezi imachita zosiyana: kuwala kodutsa pafupi nayo ndiko kumapindika kwambiri. Malo amodzi okumanirana palibe, ndipo chithunzi chimatuluka chokokedwa, chopindika, chobwerezedwa. Phazi la tambula n'lokhuthala pakati n'kumapyapyala cha kunja, n'chifukwa chake limafanana nazo.

Ndani anayamba kupeza zithunzi zobwerezazi?

Maganizo anatsogola, maso anachedwa. Einstein analemba kankhani kakafupi mu 1936 konena za nyenyezi yopinda kuwala kwa inzake, koma iye mwini sankayembekeza kuti wina adzaziona. Mu 1937 Fritz Zwicky anati tisayang'ane nyenyezi, tiyang'ane milalang'amba, chifukwa ndi yolemera kwambiri. Panapita zaka 42. Mu 1979 Dennis Walsh, Robert Carswell ndi Ray Weymann, ali ku Kitt Peak ku Arizona, anapeza ma quasar awiri otalikirana ma arcsecond 6, ofanana ngati mapasa. Dzina lake ndi Q0957+561. Mtanda umene ndinaonetsa ana, Q2237+0305, unapezeka mu 1985 ndi gulu la John Huchra.

Nanga sangakhale mapasa enieni?

Angakhale, ndipo ma quasar oyandikana enieni aliko. Pali mayeso atatu. Kuwala kwa chithunzi chilichonse amakumwaza ngati utawaleza, ndipo mizere yake iyenera kufanana ndi kusonyeza mtunda umodzi. Pakati payenera kupezeka mlalang'amba wopindawo. Ndipo chithunzi china chikawala kwambiri kenaka n'kuzilala, chinzake chiyenera kuchita chimodzimodzi pambuyo pake. Pa Q0957+561 chinzakecho chimatsatira patapita masiku pafupifupi 417.

N'chiyani chimachititsa kuti pena zikhale ziwiri, pena zinayi?

Funso ili ndimalikonda, chifukwa yankho lake lili m'kapu ya tiyi. M'mawa dzuwa likalowa chammbali m'kapu yoyera, yang'anani pamwamba pa tiyi. Muona kamzere kowala kopindika, kokhala ndi nsonga pakati. Pamenepo m'pamene kuwala kwaunjikana. Asayansi amati caustic. Pansi pa beseni la madzi ogwedezeka mumaonanso timizere totere tikuvina.

Mlalang'amba nawo uli ndi mizere yotere, koma yosaoneka, yojambulidwa ndi masamu kuseri kwake kumene kuli quasar. Mlalang'amba ukanakhala wozungulira ngati mpira, zithunzi zowala zikanakhala ziwiri nthawi zonse, kapena mphete. Koma yambiri ndi yobulungira motalika ngati dzira. Kutalikako kumatsegula kuseri kwake kabwalo kansonga zinayi, kofanana ndi daimondi ya pa makadi a juga, ndipo kunja kwa kabwaloko kuli bwalo lina lokulirapo. Quasar ikakhala kunja kwa zonse, timaiona kamodzi. Ikakhala m'bwalo lalikulu, kawiri. Ikakhala mkati mwa daimondi, kanayi. Ikakhala pafupi penipeni ndi mzere wa daimondi, zithunzi ziwiri mwa zinayizo zimayandikana n'kuwala kwambiri, ngati zikufuna kukumbatirana. Ikangodumpha mzerewo, ziwirizo zimakumana n'kuzimiririka limodzi. Zithunzi zimabadwa ziwiriziwiri ndipo zimafa ziwiriziwiri.

Amene mumakonda masamu mwaona kale kanthu. Ngati tayamba ndi chimodzi n'kumawonjeza ziwiriziwiri, tiyenera kupeza 1, 3, 5, osati 2 ndi 4. Mwalondola. William Burke anatsimikiza zimenezi mu 1981. Chithunzi chosowacho chilipo, koma chili pakatikati pa mlalang'amba wopindawo, pamene nyenyezi zathithikana, ndipo chimakhala chaching'ono ndi chozilala kwambiri. Chaoneka m'malenzi ochepa chabe. Kusaoneka kwake komweko kumatiuza kuti pakatikati pa mlalang'amba wopindawo m'pothithikana zedi.

Zoposa zinayi zimachitika opindawo akakhala angapo. B1359+154 ili ndi zithunzi zisanu ndi chimodzi chifukwa milalang'amba itatu yagwirizana.

Mumati asayansi amapanga modelo ya mlalang'amba. Amapanga chiyani kwenikweni?

Samaumba kanthu ndi manja. Modelo ndi chiyerekezo cha masamu chonena mmene kulemera kwamwazikira mu mlalang'amba: pakati pake pali pati, ndi wolemera bwanji, watalika motani, walozera kuti. Kompyuta imatenga chiyerekezocho, n'kutsata kuwala chobwerera m'mbuyo kuchokera pa chithunzi chilichonse. Ngati modelo ili yolondola, njira zonse zinayi zikakumana pamalo amodzi, pamene pali quasar yeniyeni. Zikaphonyana, kompyuta imasintha manambala pang'ono n'kuyesanso, kambirimbiri, mpaka zikumane. Zili ngati mlenje amene wapeza mapazi anayi a nyama m'matope, nyamayo osaiona, n'kunena kukula kwake ndi kumene inalowera.

Chinthu choyamba chimene modelo imapereka, ndiponso chodalirika kuposa zonse, ndi kulemera. Kukula kwa mphete ya Einstein kumadalira kulemera kwa zonse zili mkati mwake: kulemera kukachuluka kanayi, mitunda ili yomweyo, mphete imakula kawiri. Mphete ya arcsecond imodzi kuchoka pakati kufika m'mphepete nthawi zambiri imasonyeza kulemera kwa madzuwa 100 biliyoni kapena kuposerapo. Sikelo imeneyi siisankha. Imayeza zowala ndi zosawala zomwe.

Apa m'pamene pali nkhani. Mukawerengera nyenyezi zooneka zokha, kulemera sikukwana, makamaka cha kunja kwa mlalang'amba. Pali chinthu china chimene chimakoka koma sichiwala, chimene asayansi amachitcha dark matter. Nyenyezi zaunjikana pakati, chosaonekacho chamwazika kutali. Koma mukaziphatikiza zimapereka dongosolo losavuta modabwitsa: kuthithikana kumachepa kanayi mtunda wochoka pakati ukachuluka kawiri. Mlalang'amba wotere umapinda kuwala ndi ngodya yofanana, kaya kwadutsa pafupi kaya patali. Modelo imeneyi amaitcha isothermal, ndipo ndi imene ambiri amayambira. Kafukufuku wotchedwa SLACS, amene anapeza malenzi ambirimbiri m'kaundula wa milalang'amba wotchedwa Sloan n'kuwajambula ndi telesikopu ya Hubble, anaonetsa kuti milalang'amba ikuluikulu yobulungira imayandikiradi dongosolo limeneli. Chifukwa chake zinthu ziwiri zosiyana chonchi zimagwirizana bwino chotere, asayansi akufufuzabe.

Pamodelopo amawonjezanso kukoka kwa milalang'amba yoyandikana, chifukwa palibe mlalang'amba wokhala wokha m'tchire. Anansi amakoka chithunzi chammbali.

Kodi modelo singanamize?

Ingathe, ndipo wophunzira aliyense adziwe zimenezi asanaikhulupirire. Zithunzi zinayi zimapereka manambala ochepa, pamene mlalang'amba uli ndi nyenyezi mabiliyoni. Mu 1985 Emilio Falco, Marc Gorenstein ndi Irwin Shapiro anaonetsa kuti mungachepetse kulemera kwa modelo yanu, n'kuyala chinsalu cha kulemera kofanana paliponse, zithunzi n'kukhalabe pamalo omwewo. Mamodelo awiri osiyana, chithunzi chimodzi. Kuti asankhe, amafunika umboni wina, monga liwiro limene nyenyezi za mu mlalang'ambawo zikuyendera.

Palinso vuto lina limene linasanduka mwayi. Modelo yosalala imalosera bwino malo a zithunzi, koma kawirikawiri imaphonya kuwala kwake. Chimodzi chimazilala kuposa mmene chiyenera. Pena chochititsa ndi nyenyezi imodzi ya mu mlalang'amba wopindawo imene yadutsa kutsogolo kwa chithunzi, monga zinaonekera pa mtanda uja wa Q2237+0305. Pena ndi timibulu ta dark matter topanda nyenyezi. Ndiye cholakwika cha modelo chasanduka njira yosakira zinthu zimene telesikopu iliyonse singazione.

Pa ma quasar onse, ndi angati amene amaoneka mobwereza?

Ochepa kwambiri. Kumwamba n'kwakukulu, ndipo mabwalo aja ndi aang'ono ngati lichero la ku Katete. Mwayi woti quasar igwere m'bwalo umadalira zinthu zitatu: kuchuluka kwa milalang'amba panjira, kukula kwa bwalo la uliwonse, ndi kutalika kwa njirayo. Quasar yakutali ili ndi mwayi wochuluka, monga munthu woyenda pansi kuchoka ku Lundazi kubwera ku Chipata amadutsa midzi yambiri kuposa wochoka ku Mtenguleni.

Kukula kwa bwalo kuli ndi chinsinsi. Nyenyezi za mu mlalang'amba wolemera zimathamanga kwambiri, ndipo liwiro limenelo likachuluka kawiri, bwalo limakula ka 16. Mlalang'amba umene nyenyezi zake zimayenda makilomita 200 pa sekondi umagwira ma quasar ochuluka ka 16 kuposa wa makilomita 100. N'chifukwa chake malenzi ambiri ndi milalang'amba ikuluikulu yobulungira, ya nyenyezi zokalamba zofiirira, ngakhale kuti ing'onoing'ono ndiyo yochuluka kumwambaku.

Kawerengedwe kosamala kwambiri ka m'zaka zoyambirira kanali ka CLASS, kafukufuku wa mafunde a wailesi amene zotsatira zake zinatuluka mu 2003. Anayang'ana zinthu zoposa 16,000 n'kupeza malenzi 22. M'gulu limene analisankha mosamala kuti liwerengedwe bwino munali zinthu 8,958 ndi malenzi 13, kutanthauza imodzi pa 690 zilizonse. Mafunde a wailesi anawathandiza chifukwa fumbi la mu mlalang'amba siliwatchinga.

Ndiye kungowerenga n'kugawa basi?

Zikanakhala choncho bwenzi ntchito itatha kale. Alimi a mtedza mukudziwa: thumba likagwedezeka pa ngolo kuchoka kumunda, mtedza waukulu umakwera pamwamba. Wogula akatapa dzanja limodzi pamwambapo n'kuweruza thumba lonse, wadzinamiza. Kaundula aliyense wa ma quasar ndi dzanja lotapa pamwamba, chifukwa telesikopu imalemba zokhazo zimene zawala kufika pamuyeso wake.

Tsono lenzi siigawa chithunzi chabe, imawonjezanso kuwala. Quasar yozilala imene ikanatsala pansi pa thumba imakwezedwa n'kulowa m'kaundula. Ndipo zozilala n'zochuluka kwambiri kuposa zowala. Tiyeni tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti mfundo imveke. Zowala zilipo 1,000, zozilala 10,000, ndipo paliponse imodzi pa 1,000 ili ndi lenzi kutsogolo. Mwa zowala mutuluka imodzi. Mwa zozilala mutuluka 10, ndipo tinene kuti lenzi yazikweza zonse. Kaundula wanu tsopano ali ndi zinthu 1,010, zamalenzi 11. Mudzalengeza kuti imodzi pa 92, pamene zoona zake ndi imodzi pa 1,000. Edwin Turner anachenjeza za zimenezi mu 1980, ndipo mu 1984 iye ndi Jeremiah Ostriker ndi Richard Gott anayala masamu a kawerengedwe konseka.

Zazinayi zimakwezedwa kuposa zaziwiri, chifukwa mkati mwa daimondi muja ndimo kuwala kumachulukira. Choncho m'makaundula zimaoneka zambiri kuposa gawo lake lenileni. Kwinaku kuli zotayika: zithunzi zoyandikana kwambiri telesikopu imaziona ngati chimodzi, chithunzi chozilala chimamira m'kuwala kwa chinzake, ndipo mlalang'amba wopindawo ukawala kwambiri umabisa zonse. Kwa ine apa m'pamene pali mtima wa phunziroli. Wowerenga malenzi amathera nthawi yochuluka powerengera zimene sanazione kuposa zimene waziona. Ndimauza ana kuti luso limeneli adzalifuna ngakhale atakagwira ntchito kuchipatala kapena ku zaulimi, chifukwa odwala amene afika pachipatala si odwala onse a m'mudzi.

Akawerenga, amapindula chiyani?

Amayeza chilengedwe chonse. Cha m'ma 1990 asayansi anazindikira kuti ngati m'danga muli mphamvu yokankha, imene lero timaitcha dark energy, ndiye kuti pakati pa ife ndi quasar yakutali pali danga lalikulu, milalang'amba yambiri, ndi malenzi ambiri. Mu 1996 Christopher Kochanek anawerenga malenzi odziwika panthawiyo n'kupeza kuti mphamvuyo singapose magawo 66 pa 100 a zonse za m'chilengedwe. Mu 1998 magulu awiri oyeza nyenyezi zophulika anapeza kuti chilengedwe chikufutukuka mofulumirafulumira, ndipo lero muyeso wake uli pafupi ndi magawo 70 pa 100. Masamu a malenzi sanali olakwika. Chimene sichinkadziwika bwino ndi kuchuluka kwa milalang'amba ikuluikulu ndi liwiro la nyenyezi zake, ndipo mwaona kale kuti kuphonya pang'ono pa liwiro kumakula kwambiri pa bwalo. Manambalawo atakonzedwa, malenzi a CLASS anagwirizana ndi nyenyezi zophulika.

Malenzi 13 ndi ochepa. Zimenezi zikusintha tsopano. Telesikopu ya Euclid, ya mayiko a ku Europe, inaulutsidwa pa 1 July 2023, ndipo akuyembekeza kuti idzapeza malenzi oposa 100,000. M'kachigawo kakang'ono koyamba kamene anatulutsa mu March 2025 munali kale pafupifupi 500 ooneka ngati malenzi. Ku Chile nako telesikopu ya Vera Rubin inaonetsa zithunzi zake zoyamba mu June 2025.

Munati chithunzi china chimachedwa. Kuwala kumachedwa bwanji?

Anyamata awiri a njinga anyamuka limodzi, wina wazungulira phiri kumanja, wina kumanzere. Safika limodzi. Njira zimasiyana kutalika, komanso kuwala kodutsa pafupi ndi cholemera kumachedwetsedwa, ngati njinga yodutsa mumchenga. N'chifukwa chake chithunzi cha kunja ndicho chimayamba kufika, cha pafupi ndi mlalang'amba n'kutsatira.

Mu 1964 Sjur Refsdal wa ku Norway anaona kuti kuchedwaku ndi chingwe choyezera. Mukadziwa kusiyana kwa masiku, ndipo muli ndi modelo yabwino, mumapeza mitunda yeniyeni, ndipo kuchokera pamenepo mumapeza liwiro limene chilengedwe chikufutukukira. Mu 2019 gulu la H0LiCOW linagwiritsa ntchito malenzi 6 n'kupeza kuti liwirolo ndi 73.3 pa muyeso wa asayansi. Setilaiti ya Planck, poyeza kuwala kwakale kwambiri kwa chilengedwe, inapeza 67.4 pa muyeso womwewo. Mkangano wa manambala awiriwa sunathe, ndipo chinsalu chija cha Falco ndi anzake chili pakati pake, chifukwa chimasintha kuchedwa popanda kusuntha zithunzi.

Koma mayeso amene amandigwira mtima ndi awa. Mu November 2014 Patrick Kelly anapeza pa zithunzi za Hubble nyenyezi yophulika ikuoneka panayi, kuseri kwa gulu la milalang'amba lotchedwa MACS J1149. Anaitcha Refsdal. Opanga mamodelo anati kuphulika komweku kuonekanso pamalo ena a gululo, ndipo anatchula malo ndi nyengo, zisanachitike. Mu December 2015 Hubble inayang'ana pamalopo, kadontho katsopano kali pomwepo. Nyenyeziyo inafa zaka zoposa 9 biliyoni zapitazo, ndipo uthenga wa maliro ake unafika kanayi, kenaka kachisanu patapita chaka.

A ticha, ine mwana wanga ndikufuna adzapeze ntchito. Zakumwambazi zimuthandiza chiyani?

Bambo amene munandifunsa izi, ndinakuyankhani mwachidule tsiku lija chifukwa cha phokoso la pamsika. Sindingakunamizeni kuti malenzi adzatsitsa mtengo wa feteleza. Koma mwana wopanga modelo ya lenzi amaphunzira masamu, kulemba mapulogalamu a kompyuta, ndi kuweruza manambala mosadzinamiza, ndipo zimenezo zimafunika ku banki, ku migodi, ku zanyengo. Komanso ntchitoyi siili kutali monga kale. Ku Karoo, ku South Africa, kuli telesikopu ya MeerKAT, yotsegulidwa mu 2018 ili ndi madishi 64, ndipo Zambia ndi limodzi mwa mayiko asanu ndi atatu a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa ntchito ya SKA, yomanga telesikopu yaikulu ya mafunde a wailesi. Fizikisi amaphunzitsa ku University of Zambia ndi ku Copperbelt University. Mwana wanuyo masamu amawatha, ndamuona.

Ine ndili pasukulu. Ndingayambe lero?

Inde. Pa intaneti pali tsamba la Zooniverse, pamene ntchito yotchedwa Space Warps yakhala ikupempha anthu wamba kuyang'ana zithunzi n'kuloza timauta ta malenzi. Makompyuta amasefa kaye, koma diso la munthu likufunikabe, ndipo anthu otere anathandiza nawo pa malenzi oyamba a Euclid. Ntchitoyo imatsegulidwa pakakhala zithunzi zatsopano. Zithunzi zimadya mabandulo, choncho ife timasonkhana anayi pa foni imodzi.

Kodi mtanda ujawu ndingauone ndi maso anga?

Ndi maso okha ayi, ngakhale ndi mabainokyula. Ndi wozilala kwambiri, ndipo zithunzi zake zinayi zapanikizana m'malo osakwana ma arcsecond awiri. Pamafunika telesikopu yaikulu ndi usiku wabata. Koma dera lake mungalione. Mu October, kukutentha, mvula isanayambe, tulukani cha m'ma 21 koloko kutali ndi magetsi, kaya ku Chadiza kaya kumudzi kulikonse. Yang'anani kumpoto, m'mwamba ndithu. Muona nyenyezi zinayi zopanga bwalo lalikulu la ngodya zinayi. Limenelo ndi thupi la gulu la nyenyezi lotchedwa Pegasus. Kwezani maso pamwamba pake, cha kumanzere, kulowera pakati pa thambo. Mumdima wa pamenepo muli mlalang'amba umene kuwala kwake kwayenda zaka pafupifupi 400 miliyoni, ndipo kuseri kwake kuli quasar imene kuwala kwake kwayenda zaka mabiliyoni, n'kugawika panayi chakumapeto kwa ulendo. Utsi wa moto wa m'tchire umaphimba thambo miyezi imeneyo, ndiye sankhani usiku umene mphepo yaomba masana onse.